Fakitale ya pa chithunzi chakale inali pati? Yambani ndi phiri

Chithunzi chakale cha fakitale chikakufikani m'manja, maso amathamangira pa nyumbayo, pa chumuni, pa mawindo ndi pa antchito amene andanda pakhomo. Koma pa mboni zonse zimene zili pa chithunzicho, nyumba ndiyo yosadalirika kwambiri. Denga analisintha, chumuni anagwetsa, njerwa anthu anagumula n'kukamangira zina. Chimene sichisuntha ndi phiri lili kumbuyoko, kenako njanji, kenako mlatho ndi tchalitchi. Choncho funso loyamba lisakhale lakuti nyumbayi inali pati, likhale lakuti wojambulayu anaima pati. Mukapeza pamene anazika miyendo ya kamera yake, malo a nyumbayo savutanso.

Konzani chithunzicho musanayambe kuchifunsa

Ngati muli ndi chithunzi chenicheni cha papepala, chiikeni pa sikana pa 600 dpi (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho timene sikana imajambula), ndipo chikakhala chaching'ono ngati positikhadi kwezani kufika 1200 dpi. Sungani ngati TIFF, mtundu wa fayilo wosataya tinthu ting'onoting'ono ta pa chithunzi. Kope limene ladutsa pa WhatsApp kapena Facebook limakhala litafinyidwa, ndipo zimene zimayamba kufufutika ndi zomwe mukuzifunazo: zilembo za pa ngolo ya sitima, nambala ya galimoto, kamzere kotuwa ka phiri lakutali. Musadule m'mbali, chifukwa umboni wambiri umabisala m'makona momwe wojambula sankayang'anako. Jambulaninso kumbuyo kwake.

Pa zithunzi zambiri zakale kumwamba kumaoneka mbee ngati kulibe kanthu, chifukwa magalasi ojambulirapo zithunzi ndi mafilimu a nthawi imeneyo ankapsa msanga ndi kuwala kwa thambo. Tsegulani kopelo mu GIMP kapena pulogalamu ina yokonzera zithunzi pa kompyuta, detsani mbali ya kumwamba yokhayo n'kuwonjezera kusiyana kwa kuda ndi kuyera. Nthawi zambiri phiri limene mumaganiza kuti palibe limatulukira. Mapulogalamu amakono amene amati amakonza chithunzi okha apeweni pa ntchito imeneyi. Amapeka mawindo ndi zilembo zimene kunalibe, inu n'kumawerenga zinthu zabodza.

Kenako tsimikizani kuti chithunzicho sichinatembenuzidwe. Negetivi ya galasi ikaikidwa chagada potsuka, kumanja kumakhala kumanzere, ndipo munthu akhoza kutha mwezi akusaka phiri limene kulibe pa dziko lino. Yang'anani chilembo chilichonse. Ngati palibe, yang'anani galimoto: kuno timayenda kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chimakhala kumanja. Malaya aamuna nawo amathandiza, pakuti mbali ya mabowo, ya kumanzere kwa wovala, ndiyo imakwera pamwamba pa ya mabatani.

Mawu olembedwa pa chithunzi muwalandire ngati mphekesera

Mawu a pansi kapena kumbuyo kwa chithunzi nthawi zambiri analemba munthu wina, patapita zaka, ali ku Scotland kapena ku England, akungokumbukira. Kwa munthu wotere "Blantyre" atha kukhala malo aliwonse kuyambira ku Lunzu mpaka ku Luchenza. Osindikiza mapositikhadi nawo ankalemba dzina la tauni yodziwika kuti khadi ligulidwe. Kumbukiraninso kuti Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka 1956, ndiye chithunzi cha m'mbuyo mwa chaka chimenecho cholembedwa "near Blantyre" chikhoza kukhala cha ku Limbe.

Posaka m'mabuku ndi pa intaneti gwiritsani ntchito mayina a nthawi ya atsamunda, apo ayi simupeza kanthu. Nsanje inali Port Herald, Mangochi inali Fort Johnston, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, Chilumba inali Deep Bay. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, Nkhotakota ankalemba Kota Kota, Ntcheu ankalemba Ncheu. Dzina la dziko nalo limanena zaka: zilembo zakuti B.C.A. zikuloza nthawi ya British Central Africa, dzina limene linasinthidwa kukhala Nyasaland mu 1907, ndipo Nyasaland anatha mu 1964. Chidindo cha positi ofesi chimangokuuzani kuti chithunzicho chinalipo kale pa tsiku limenelo. Khadi limatha kukhala m'sitolo zaka khumi lisanagulidwe.

Inali nyumba ya ntchito yanji

Mtundu wa ntchito umachepetsa dera lofufuza kuchoka pa dziko lonse kufika pa boma limodzi kapena awiri. Fakitale ya tiyi yakale imadziwika ndi nyumba yaitali, yosanjikiza kawiri kapena katatu, ya mawindo ambirimbiri ondondozana, chifukwa m'mwambamo ndimo ankayanika masamba kuti afote. Pambali pamakhala chumuni ndi mulu waukulu wa nkhuni za bulugama. Mukaona zimenezi ganizani za Mulanje ndi Thyolo, kenako Nkhata Bay. Mabani ochizira fodya ndi moto ndi nyumba zazitali zopapatiza, zopanda mawindo, zokhala ndi potulukira mpweya pa mtanda wa denga ndi ng'anjo pansi, ndipo amaima m'mizere. Nyumba yosankhira ndi kudindira fodya ndi yosiyana, imakhala yotakata, ya mawindo aakulu olowetsa kuwala kuti osankha aone mtundu wa tsamba. Fakitale yochotsa njere m'thonje imakhala ndi mashedi otseguka m'mbali, mabelo ataunjikidwa, ndipo imakonda kukhala m'mbali mwa njanji kapena mtsinje, kumadera otentha monga ku Chigwa cha Shire, Balaka ndi Salima. Ng'anjo za laimu zimatsamira phiri kapena chitunda kuti miyala azithira chapamwamba.

Mitengo imanena kutalika kwa malo. Mlambe ndi mgwalangwa ndi za kuchigwa ndi kunyanja, simungazione pa esiteti ya tiyi. Paini ndi bulugama wodzalidwa m'mizere ndi za kumtunda. Koma mtengo usakhale chizindikiro chanu cha malo enieni, pakuti bulugama amakula msinkhu wa nyumba yosanja m'zaka zosakwana khumi ndipo amadulidwa tsiku limodzi. Mlambe wokha ndiwo mungaukhulupirire, ukakhala kuti ulipobe.

Njanji ndi mphatso yaikulu pa chithunzi. Sitima inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald mu 1908, kudzera ku Chiromo, Luchenza ndi Limbe, ndipo njanji yopita ku Salima kudzera ku Balaka inatsegulidwa mu 1935. Ndiye fakitale imene ili ndi kanjanji kolowa pabwalo pake, pa chithunzi cha m'ma 1920, iyenera kukhala kumwera kwa Blantyre kapena mu Blantyre ndi Limbe momwemo. Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe mu 1908, chaka chomwecho cha njanji, ndipo okushoni ya fodya inayamba ku Limbe komweko mu 1938. Sitima ya malasha yofuka utsi ikutanthauza kuti chithunzicho sichinapitirire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Samalani ndi tinjanji topapatiza ta ngolo zokankha ndi manja, timene maesiteti ena ankayala okha. Njanji yeniyeni ya sitima ndi yotambalala mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, kutanthauza kuti munthu wamkulu atagona chopingasa, mutu ndi miyendo zimatulukira mbali zonse.

Phiri

Apa ndiye pagona ntchito. Ikani pepala loonekera pa chithunzi, kapena chitani pa kompyuta, ndipo tsatani mzere wonse pamene dziko lakumana ndi thambo: nsonga iliyonse, mpata uliwonse, pamene phiri lina labisa linzake. Mzere umenewu uli ngati chidindo cha chala. Phiri limodzi lomwelo limasintha nkhope malinga ndi kumene mwaima. Ndirande woonekera ku Limbe ndi wina, woonekera ku Chirimba ndi wina. Munthu ali pakati pa Blantyre amaona Michiru chakumpoto kumadzulo, Ndirande chakumpoto kum'mawa, Soche chakumwera. Ali ku Limbe, Mpingwe ndi Bangwe zimamuyandikira chakum'mawa. Ku Mulanje musataye nthawi kusaka Sapitwa. Ngakhale ndi nsonga yaitali kuposa zonse, mamita 3,002, ili m'kati mwa phiri ndipo m'maesiteti ambiri a m'tsinde siioneka. Gwiritsani ntchito nsonga za m'mphepete, matanthwe ndi mipata imene mitsinje monga Ruo, Lichenya ndi Likhubula imatulukira.

Tsegulani Google Earth Pro pa kompyuta, onetsetsani kuti kutalika kwa mapiri kwaikidwa pa 1 osati kukokomezedwa, tsikirani pansi m'dera limene mukuliganizira ndipo yendani pang'onopang'ono mukuyerekeza mzere wa mapiri ndi umene mwatsata uja. PeakFinder imachita zomwezo mwachangu ndipo imatchula mayina a nsonga zina. Dziwani kuti mapulogalamuwa amasalaza mapiri, thanthwe losongoka limaoneka ngati chulu. Choncho musayerekeze kusongoka kwa nsonga, yerekezani dongosolo lake: iti ili kumanzere kwa iti, iti yabisa iti, mpata uli pati.

Mukapeza dera, pezani malo enieni ndi njira ya mizere iwiri. Sakani pa chithunzi zinthu ziwiri, china chapafupi china chakutali, zimene zaima pa mzere umodzi woongoka kuchokera pansi kupita m'mwamba. Tiyerekeze kuti nsanja ya tchalitchi ili ndendende pansi pa nsonga ya phiri. Zikatero ndiye kuti kamera, nsanjayo ndi nsongayo zinali pa mzere umodzi. Pa mapu lembani mzere kuchokera pa nsonga, kudutsa pa tchalitchi, n'kuupitiriza. Wojambula anaima penapake pa mzere umenewo. Pezani zinthu zina ziwiri zogwirizana motero mbali ina ya chithunzi, mwina mlatho wa njanji ndi mpata wa phiri, lembani mzere wachiwiri. Pamene mizereyo yadutsana ndi pamene panali kamera. Mzere wachitatu ndi wotsimikizira. Kawirikawiri mizere itatu siikumana pa kadontho kamodzi, imasiya kambali zitatu kakang'ono, ndipo kukula kwa kameneko ndiko kukula kwa kukayika kwanu.

Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa siifuna kuti mudziwe mtundu wa kamera kapena galasi lake la kutsogolo, lenzi. Zinthu zimene zili pa mzere umodzi zimakhalabe pa mzere umodzi, kaya galasi ndi lokokera pafupi kaya lotambasula. Chimene galasi limanamiza ndi mtunda: lokokera pafupi limachititsa phiri la pa makilomita 15 kuoneka ngati lili kuseri kwa fakitale. Musanene kuti nyumbayi inali m'tsinde mwa phiri chifukwa choti phirilo laoneka lalikulu.

Zolakwika zofala pano ndi ziwiri. Choyamba, mizere yodutsana mopendekera kwambiri. Ikasiyana ndi madigiri osakwana 30, kuphonya pang'ono kumasuntha malo odutsanawo ndi mtunda wautali, ndiye sankhani zizindikiro zotalikirana, china kumanzere kwenikweni china kumanja kwenikweni. Chachiwiri, kusokoneza nsonga. Chimene chimaoneka ngati nsonga mukakhala m'tsinde nthawi zambiri ndi phewa la phiri limene labisa nsonga yeniyeni. Kuphonya ndi digiri imodzi yokha pa chinthu chimene chili pa makilomita 10 kumakutayani ndi mamita pafupifupi 175, ndipo pa makilomita 5 ndi mamita pafupifupi 87. M'tauni, mamita 175 ndi mapuloti angapo.

Tsopano mwapeza kamera. Nyumbayo ili kutsogolo kwake, pa mzere wopita ku chizindikiro chilichonse chimene chili kuseri kwa chumuni kapena ngodya ya khoma. Mtunda wake muupeze poyerekeza kukula kwa zinthu zofanana. Kukula kwa chinthu pa chithunzi kumachepa molingana ndi kutalikira kwake: ngati munthu woima pafupi ndi kamera ndi mamilimita 40 pa chithunzi ndipo woima pakhomo la fakitale ndi mamilimita 10, khomolo lili kutali kanayi kuposa munthu woyambayo. Ngati woyambayo waima pa njanji kapena pa mlatho umene ulipobe, mtunda wake mukuudziwa, ndipo wa fakitale mwaupeza.

Dzuwa ndi mthunzi

Mthunzi umakuuzani kumene nyumba inayang'ana, koma malangizo ambiri a pa intaneti analembera anthu a ku Ulaya, kumene dzuwa la masana limakhala kumwera chaka chonse. Kuno sizili choncho. Blantyre ali pa madigiri pafupifupi 16 kumwera kwa Equator. Kuyambira kumayambiriro kwa February mpaka kumayambiriro kwa November dzuwa la pamutu limapendekera kumpoto, ndipo mthunzi umagwera kumwera. M'miyezi itatu yotsalayo limapendekera pang'ono kumwera, mthunzi n'kugwera kumpoto. Mu June, chumuni cha mamita 10 chimaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 8 dzuwa lili paliwombo. Mu December mthunzi womwewo sufika n'komwe mita imodzi ndi theka. Ndiye mukaona mthunzi waufupi kwambiri, wongozungulira tsinde la khoma, musaugwiritse ntchito kupeza mbali, ungakutembenuzeni.

Kuti mudziwe nyengo yang'anani udzu. Wautali ndi wowirira ndi wa dzinja, wouma kapena wotenthedwa ndi wa chilimwe, ndipo mapiri osaoneka bwino chifukwa cha utsi ndi fumbi ndi a September ndi October. Mukadziwa nyengo, ikani malo amene mukuwaganizira mu SunCalc, tsamba la pa intaneti losonyeza kumene dzuwa limakhala pa tsiku ndi ola lililonse, ndipo onani ngati pali ola limene mthunzi ungagwe monga wagwera pa chithunzi. Ngati palibe ola lotero chaka chonse, malowo ndi olakwika kapena chithunzicho n'chotembenuzidwa. Mthunzi paokha sutsimikiza malo, koma umatsutsa malo olakwika msanga.

Mapu ndi zithunzi za pa ndege

Mapu a 1:50,000 a ku Surveys, dipatimenti ya boma yoyeza malo, ndiwo poyambira. Pa mapu amenewa masentimita awiri ndi kilomita imodzi, milimita imodzi ndi mamita 50, ndiye pensulo yanu ikhale yosongoka. Sakani makope akale kuposa atsopano, chifukwa amasonyeza mayina a maesiteti amene anatha, misewu imene inasiyidwa, madamu ndi tinjanji tolowera m'mafakitale. Msewu wa lero musaukhulupirire msanga. Poika tara ankaongola makona ndi kusuntha milatho, moti nyumba imene inali kumanja kwa msewu wakale lero ikhoza kukhala kumanzere.

Pali msampha umene umagwira anthu ambiri. Mapu akale a dziko lino anayezedwa pa dongosolo la Arc 1950, pamene GPS ya m'foni ndi Google Earth zimagwiritsa ntchito WGS 84. Mukatenga manambala a pa mapu akale n'kuwalowetsa m'foni osawasintha, mukaima pa malo olakwika ndi mamita pafupifupi 300. Werengani m'munsi mwa mapu kuti muone dongosolo lake, ndipo sinthani manambalawo mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta. Mu QGIS momwemo mungathe kuyala mapu akale pamwamba pa chithunzi cha satelayiti cha lero. Sankhani malo osachepera asanu ndi limodzi amene sanasunthe, omwazikana pa pepala lonse: milatho ya njanji, mphambano ya njanji ndi msewu, matchalitchi, nsonga zokhala ndi chipilala cha oyeza malo. Mitsinje ya kuchigwa ndi gombe la nyanja musazitenge. Shire ndi Ruo zasuntha njira kangapo kuzungulira Chiromo, ndipo nyanja ya Malawi inatsika kwambiri cha m'ma 1915 n'kudzakwera kwambiri cha m'ma 1980, moti shedi imene inali pagombe pa chithunzi ikhoza kukhala m'madzi kapena kumtunda.

Zithunzi zakale zooneka bwino za mu Google Earth m'madera ambiri sizibwerera kupyola zaka za m'ma 2000, koma zimathandiza kuona nyumba zimene zagwetsedwa posachedwa. Za kale kwenikweni ndi zithunzi za pa ndege zimene Directorate of Overseas Surveys ya ku Britain inajambulitsa popanga mapu, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Zambiri zikusungidwa ku National Collection of Aerial Photography ku Edinburgh, ndipo ndi bwinonso kufunsa ku Surveys kuno kwathu. Pa chithunzi cha 1:25,000 nyumba ya mamita 50 imaoneka mamilimita awiri okha, ndiye pamafunika galasi lokulitsira. Chumuni simuchiona chokha poyang'ana kuchokera m'mwamba, mumaona mthunzi wake wautali wowonda utagona pansi.

Mapepala, mayina ndi anthu

Ku National Archives ku Zomba kuli Government Gazette, malipoti a pachaka a maboma ndi mafayilo a malo. Laibulale ya Society of Malawi, imene ili m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House ku Blantyre, nyumba ya kampani ya African Lakes yomangidwa mu 1882, ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zambiri za nthawi imeneyo, ndipo magazini ya bungweli, imene inayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal, ili ndi nkhani za maesiteti ndi makampani. M'nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times musamangowerenga nkhani, werengani zotsatsa malonda ndi zidziwitso zogulitsa malo, pakuti ndimo amatchula mtunda wa fakitale kuchokera pa siteshoni, kukula kwa malo ndi makina amene alimo. Mitunda imeneyo ili m'mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Chimene mukusaka koposa ndi chithunzi chachiwiri cha nyumba yomweyo chojambulidwa mbali ina, chifukwa chimakupatsani mizere ina yodutsanitsa.

Mayina a malo amasunga zimene njerwa zinataya. Ginnery Corner ku Blantyre ikukumbutsa fakitale ya thonje, ndipo pa Wenela pakukumbutsa bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. M'midzi mumapezeka malo otchedwa pa Chumuni, pa Damu, ku Mabani kapena kwa Mzungu wakutiwakuti, dzina lake litapindidwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe mpaka osazindikirika. Litchuleni mokweza kangapo, dzina la pa mapu limatulukira.

Mukapita kumudzi yambirani kwa mfumu, ndipo pa esiteti yambirani ku ofesi. Sindikizani chithunzicho chachikulu, pa pepala la A3, chifukwa maso a agogo sangaone za pa foni. Pofunsa musaike yankho m'kamwa mwawo. Mukati, "Agogo, fakitale ija inali apa eti?" adzavomera mwaulemu kuti mlendo asachite manyazi. Nenani kuti, "Agogo, tatiuzani, malo awa mukuwadziwa? Phiri ili ndi liti?" kenako khalani chete. Funsani za ntchito osati za zaka: nkhuni zinkachokera kuti, madzi ankatunga pati, belu kapena wezulo ankamveka mpaka kuti, antchito ankagona mbali iti. Funsani anthu atatu payekhapayekha. Pagulu, wamkulu akayankhula ena onse amangoti ndi momwemo.

Zimene zimatsala pansi

Pitani m'chilimwe, August mpaka October, udzu utauma kapena utapsa. Tengani chithunzi chosindikiza, mapu, tepi ya mamita 30, kampasi, foni ya GPS, chikwanje ndi nsapato zotseka. Kampasi muiwerengere kutali ndi njanji, malata ndi galimoto, chifukwa chitsulo chimaikoka.

Makoma amapita, koma zinthu zolemera zimatsala. Sakani tsinde la chumuni, lomwe limakhala la njerwa zochindikala kuposa khoma lililonse. Sakani mabuloko a konkire okhala ndi mabawuti otuluka m'mwamba, pamene panamangiriridwa injini kapena boyila. Sakani thanki ya madzi, damu, ngalande ya njerwa, dothi lakuda la phulusa ndi makala, ndi kamtunda kosalala kokhota pang'onopang'ono kamene kanali njira ya kanjanji. Pamene pali maziko pansi chimanga chimakula chofupika ndi chachikasu motsata mzere woongoka, ndipo eni munda amadziwa bwino pamene khasu limalira.

Ngati nyumba ilipobe koma anaisintha, werengani. Chiwerengero cha mawindo ndi mipata ya pakati pake sichisintha wamba. Windo lotsekedwa ndi njerwa limasiya mzere woongoka m'mbali mwake ndi uta wa njerwa pamwamba, ndipo ngakhale pa pulasitala pamaoneka mng'alu wotsata mzere womwewo. Mbali yowonjezedwa imadziwika ndi njerwa zosalumana ndi zakale. Kuti mupeze miyeso pa chithunzi gwiritsani ntchito zinthu zodziwika kukula kwake zimene zili pa mtunda umodzi ndi khomalo: mgolo wa malita 200 ndi wamtali masentimita pafupifupi 88, mafunde a malata akale amatalikirana mamilimita 76, ndipo mizere inayi ya njerwa pamodzi ndi matope ake imakwana masentimita pafupifupi 30. Njerwa zoumba pamalopo zinkasiyana kukula, choncho yezani zimene mwazipeza pansi musanawerengere. Mukapeza kuti khoma la pa chithunzi linali mamita pafupifupi 36 ndipo maziko amene mwayeza ndi mamita 35, muli pabwino. Akakhala mamita 20, ndi nyumba ina, ngakhale mtima ukufuna kuti ikhale yomweyo. Makampani ankamanga mafakitale ofanana pa maesiteti awo osiyanasiyana, ndiye kufanana kwa maonekedwe kokha si umboni.

Musakumbe ndipo musatole zitsulo kapena njerwa. Malowo ali ndi mwini wake, ndipo zinthu zakale zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Pa mabwinja otere pamakhala zitsime zosatseka zobisika m'udzu, njuchi m'chumuni, njoka m'ngalande, ndi zidutswa za asibesitosi zimene fumbi lake limawononga mapapo. Mukaona manda, imani kaye mufunse kwa mfumu.

Chomaliza ndi kujambulanso. Imani pamene mizere yanu inadutsana, kwezani chithunzi chakale patsogolo panu, ndipo sunthani mpaka zinthu zija zigwirizanenso. Kupita kumanzere kapena kumanja kumasuntha chapafupi poyerekeza ndi chakutali. Kupita kutsogolo kapena kumbuyo kumasintha kukula kwa zapafupi pamene phiri limakhala chimodzimodzi. Zikakana kugwirizana m'mwamba ndi pansi, wojambulayo anakwera pa chinthu, mwina pa chulu, pa ngolo ya sitima, pa thanki kapena pa khonde la nyumba yosanja. Jambulani ndi kamera yoima mowongoka, nyengo ndi ola zofanana ndi za chithunzi chakale, kenako yalani zithunzi ziwirizo china pamwamba pa chinzake pa kompyuta, cham'mwamba chikuonekera theka. Mzere wa mapiri uyenera kugwa pa unzake kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

Polemba zimene mwapeza, ikani manambala a GPS a malo awiri, pamene panali kamera ndi pamene panali nyumba, tchulani kuti ndi WGS 84, ndipo nenani kuti mungaphonye ndi mamita angati. Lembani kuti "zatsimikizika" pokhapokha maumboni atatu osadalirana agwirizana, monga mzere wa mapiri, mapu kapena chithunzi cha pa ndege, ndi maziko oyezedwa pansi. Akakhala awiri lembani kuti "zikuoneka choncho". Mabuku atatu amene onse anakopera mawu a pa positikhadi imodzi muwawerenge ngati umboni umodzi.